Kamame Kachilendo M'dambo la Kuseri kwa Msika

Anthu a m'tauni muno akakupatsa dzina, lakumatirira basi. Iye anamutcha Mtchona tsiku lomwe anatsika basi ndi masutikesi awiri, atatha theka la moyo wake kunja akusambitsa nkhalamba za eni ake. Dzinalo sanalikane. Chimene anakana n'choti tauni imene anaipezayi ndi yomwe ija anaisiya.

Mitengo ya m'mbali mwa msewu anaidula, pamalo pake anaimikapo zikwangwani za makampani a foni. Laibulale imene anaphunziriramo kulota anaisandutsa shopu ya matayala. Abale amene ankamuimbira kuti "bwerako, kwanu n'kwanu" ndi omwewo anayamba kumufunsa, mwezi usanathe, kuti abwerera liti. Mwina ankanena zoona osadziwa, chifukwa kunja kuja Mtchona anasinthanitsa unzika wake ndi ntchito. Pa mapepala a boma anali mlendo m'tauni imene anabadwiramo, wokhala mwa chisomo, woti akangolakwa pang'ono akhoza kukwezedwa ndege. Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna amene ankamukonda.

Chokhacho chimene chinamuzindikira atabwera chinali dambo la kuseri kwa msika. M'dambomo munkamera kachomera kochepa ngati batani la malaya, kofiira, ka masamba ozungulira okhala ndi timadontho tonyezimira timene dzuwa silitha kuumitsa. Udzudzu ukatera pa timadonthoto umakanirira, tsamba n'kuupinda pang'onopang'ono, n'kuudya. Ali mwana ankagona chafufumimba m'matope kuonerera zimenezi mpaka dzuwa kupendeka. Iye ndi anzake ankakatcha kamame.

Koma dambolo nalo linali pa mpeni. Bwana wina, amene palibe anamuonapo nkhope, anagula mbali ya kumtunda, n'kuitchinga ndi malata, ndipo malole ankalowa pa geti kukakhuthula zidutswa za njerwa kuti amangepo nyumba zosungiramo katundu.

Mtchona sanali yekha. Panali kagulu ka pa foni ka anthu oweta zomera zodya tizilombo: wometa tsitsi wina wolongolola, dokotala wa mano, mayi wogulitsa nsapato, ndi ena ochepa openga mofanana. Malamulo awo anali achidule. Mbewu sagulitsa, amagawana. Chomera cha kutchire sazula. Chomera cha m'mphika sabweza kutchire.

Wamagalasi analowa m'gululi kudzera pa khomo la mtima. Mtchona anapita ku shopu yake, kumene ankadula magalasi a mawindo, kukaitanitsa timabokosi towetera mbande.

"Mukufuna kuwetamo nsomba?" anafunsa mwamunayo.

"Zilombo zodya nyama."

Wamagalasi anayang'ana miyeso pa kapepala, n'kunena kuti mkango wake ndi waung'ono ndithu. Tsiku lobweretsa timabokosito Mtchona anamupatsa kapepala kopinda. Iye atatsegula anakwinya nkhope.

"Mwandipatsa fumbi?"

"Fumbi limenelo mukalithirira madzi a pampopi lifa. Mukalipatsa feteleza lifa. Limafuna madzi a mvula ndi dothi losauka. Mukalichitira chifundo, mwalipha."

"Ngati mwini wake?"

"Ngati mwini wake."

Fumbilo, lomwe linali mbewu ya kamame kakwathu, linamera, "inu" anasanduka "iwe", ndipo pa tsiku lake lobadwa Wamagalasi analandira mphatso ina: mphika umodzi wa kamame kachilendo, ka masamba aatali ngati zingwe za nsapato. Mbewu yake Mtchona anabwera nayo kuchokera kunja, ataisokerera m'kolala ya chijasi chake.

* * *

Loweruka masana Wamagalasi anafika pa khonde la Mtchona atanyamula chivundikiro cha galasi. Anamupeza akutunga madzi a mvula mu mgolo.

"Wamva za Lachinayi?" anatero Mtchona, moni osapereka.

"Foni ikungolira ngati yadwala. Wometa watumiza mawu ataliatali, ndinamvera theka ndinatopa."

"A ofesi ya zachilengedwe akutumiza insipekitala. Akapeza kuti kamame kalimodi m'dambo muja, malole aima. Gulu lonse likaima pa geti. Iwe ukaima pati?"

Wamagalasi anayamba kupukuta galasi limene linali loyera kale.

"Ukudziwa kuti malole aja ndi a achimwene."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa."

"Malole amene aja ndi amene amagulira amayi mankhwala a shuga. Ndikakaima pa geti ndi chikwangwani, ndiye kuti ndawamenya amayi khofi pagulu. Ine ndikhoza kuthandiza mwa njira ina, mwakachetechete."

"Mwakachetechete!" Mtchona anatula ndowa pansi, madzi n'kukhavukira pa nsapato za mwamunayo. "Kunja kuja ndinakhala chete mpaka lilime linachita dzimbiri. Inde bwana, pepani bwana, zikomo bwana. Sindinabwerere kuno kudzakwatiwa ndi munthu wondikonda monong'ona."

"Ndiye kuti za kukwatiwazo wavomera?"

"Usandiseketse, ndakwiya."

"Ukakwiya umakongola ngati..."

"Ngati munthu amene akuthire ndowa yonseyi. Tamvera. Mapanga awiri avumbwitsa. Lachinayi ukaima ndi ine kapena ndi malole. Ukakaima pakati, ine ndikuwerengera kwa malole."

Wamagalasi anapuma mozama. Anati amayi ake akumufuna Mtchona mawa, akamwe tiyi, akaonane bwinobwino.

"Akandione kapena akandiyeze?"

"Zonse," anayankha moona mtima.

* * *

Pabalaza pa amayi ake a Wamagalasi panali mipando yokutidwa ndi pulasitiki, kabati ya makapu amene sanamwerepo munthu, ndi chithunzi chachikulu cha mwana wawo woyamba, Wamalole, ataima pambali pa lole yake yoyamba. Chithunzi cha Wamagalasi panalibe, ngakhale galasi la chithunzicho anadula ndi iyeyo.

Tiyi anabwera naye ndi Wamaluwa.

Mtchona ankamudziwa. Mtsikana wosalala, wogulitsa maluwa m'miphika pa mphambano ndi kukongoletsa malo a maukwati. Nthawi ina anabwera kwa Mtchona kudzapempha kuti amugulitse kamame koika pa matebulo a alendo, ndipo anabwerera ndi yankho loti chamoyo si nsalu ya patebulo. Lero ankayenda m'nyumbamo ngati mwini, akudziwa dirowa ya masipuni popanda kufunsa.

"Ndiye ndinu amene mumaweta udzu wodya ntchentche?" anayamba mayi aja, akuyang'ana Mtchona kuyambira tsitsi lake la imvi ziwiriziwiri mpaka zikhadabo zodetsedwa ndi dothi.

"Ndine, Amayi."

"Anzanu akachokera kunja amamanga nyumba za lendi. Inu mwabwera kudzaletsa ena kumanga."

"Amayi, dambo lija ndi limene limamwa madzi a mvula a m'dera lonse lino. Akalikwirira, madziwo adzabwera kudzamwa nanu tiyi pabalaza pompano. Madzi saiwala khwawa."

"Ee, miyambi mukuikumbukabe? Ndimayesa inatsalira m'ndege." Mayi aja anatakasa tiyi wawo wopanda shuga. "Nawu wina. Mlendo ndi mame, mwananga, sachedwa kukamuka. Inu mudzatikanganitsa, mudzaimitsa malole a mwana wanga, kenako mudzatopa nafe n'kunyamula masutikesi anu. Ife tidzatsala ndi achule."

Mawuwa analasa pamalo pamene mayi aja sankadziwa n'komwe kuti pali chilonda. Koma Mtchona mutu sanaweramitse.

"Mame ena sakamuka, Amayi. Mufunseni mwana wanu, amawaweta pa windo apo."

Anatembenuka kuti aloze. Pa windo panalibe kanthu. Matileyi onse odzalamo mbande, amene Wamagalasi anawalera chaka chathunthu ndi madzi a mvula, anali atachoka. Panangotsala mabala a madzi pa simenti, ndi mphika umodzi wa kamame kachilendo kaja, katauma maluwa.

"Aa, simunadziwe, asisi?" anatero Wamaluwa ndi mawu otsekemera ngati wathiramo uchi. "Anazichotsa kalekaletu. Ine ndinamuona m'mamawa wina atanyamula matileyi. Koma ndisalankhule zambiri, amuna ali ndi zinsinsi zawo. Zinthu zokongola zimafuna kuti anthu azizionako, osati kumangozitsekera m'galasi."

Mtchona anayang'ana Wamagalasi. Iye anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana m'kapu.

"Ndikufotokozera," anatero chapansipansi.

"Mwakachetechete?" anafunsa Mtchona. Anaimirira, anathokoza chifukwa cha tiyi amene sanamulawe, n'kutuluka.

* * *

Asanafike n'kunyumba komwe foni inayamba kunjenjemera.

"Usaganize zolakwika," analemba Wamagalasi.

"Mbande zili kuti?"

"Uziona Lachinayi."

"Pa benchi ya Wamaluwa? Kapena pa tebulo la ukwati wanu?"

"Iwe, ine ndi mtsikana ameneyo palibe chilichonse. Amabwera kwa amayi, osati kwa ine."

"Amadziwa pokhala masipuni. Ine sindidziwa n'komwe pokhala iwe."

"Ndikhulupirire kamodzi kokha."

"Mbewu ija ndinakupatsa ndi dzanja langa. Sinali yogulitsa, sinali yokopera atsikana."

Anazimitsa foni. Masiku otsatirawo anawatha akujambula zikwangwani pa khonde ndi Wometa, amene ankalankhula za achule, za boma ndi za mpira mosapumira. Mtchona ankangoti "eya" ndi "zoona". Madzulo ena anadutsa dala pa mphambano, akunamizira kukagula mafuta ophikira. Pa benchi ya Wamaluwa panalibe kamame. Izi sizinamutonthoze, anangoti ndiye kuti katundu anatha msanga.

* * *

Lachinayi m'mawa geti la malata linatsekulidwira anthu wamba kwa nthawi yoyamba chitchingireni. Insipekitala anali asanafike, paja a boma amafika nthawi imene afikayo. Gulu linalowa ndi zikwangwani zake. Cha Wometa chinali ndi mawu akuti DAMBO SI DZALA. Kumtunda, pafupi ndi malole, kunaima Wamalole atapinda manja, amayi ake atakhala pa mpando wapulasitiki, Wamaluwa akuwagwirira ambulera.

Wamagalasi kunalibe.

"Abale inu, tabwerani mudzaone!" anakuwa Wometa ali m'mphepete mwa mulu wa njerwa. "Mulungu alipo! Kamame kadzadza kuno ngati wachita kuyala!"

Mtchona anathamanga, majombo akumira. Zinali zoona. Pamalo pamene ankayesa kuti pafa kalekale panali pofiira, timadontho tikunyezimira ndi dzuwa la m'mawa. Mtima wake unadumpha ngati wa mwana uja wogona chafufumimba. Anagwada m'matope.

Kenako chimwemwe chinamuthawa.

Pakati pa timasamba tozungulira panali masamba ena aatali, owonda, opindika ngati zingwe za nsapato. Apa limodzi, apo atatu, uko chitsamba chathunthu. Kamame kachilendo. Ndipo zomera zonsezo, zakwathu ndi zachilendo zomwe, zinakhala m'mizere yoongoka, motalikirana mofanana, monga amachitira munthu wozolowera rula.

"Wazipeza?"

Anali Wamagalasi, atavala malaya oyera ndi nsapato zopita nazo ku ukwati, ataima pa njerwa youma, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Ndinatenga kiyi wa geti m'thumba la achimwene," ananong'ona. "Ndinadzala zonse kalekale, kuti a boma akadzabwera adzapeze zambiri. Wamaluwa sindinamupatse ngakhale tsamba. Ndinakuuza kuti ndithandiza."

Mtchona anafuna kumukumbatira ndi kumumenya pa nthawi imodzi.

"Mphika wa kachilendo uja unkakhala pati?"

"Pa windo pomwepo, pambali pa matileyi."

"Unachita maluwa?"

"Ambiri. Ndinakutumizira chithunzi."

"Mbewu yake ndi fumbi, iwe! Imadumphira m'miphika ya anzake. Ikamamera imafanana ndi kakwathu, imaonekera ikakula. Taona." Anamuonetsa tsamba lalitali. "Ichi sichimera m'dziko lino. Insipekitala akachiona anena kuti dambo lonse tinachita kudzala, kuti ndife akuba malo ovala nkhope za achifundo. Ndipo tikachisiya, chidzapha kakwathu konse. N'chifukwa chake timati cha m'mphika sabweza kutchire!"

Nkhope ya Wamagalasi inagwa.

"Ndimayesa lamulolo ndi la anthu oipa."

"Ndi la anthu abwino. Oipa safuna lamulo, amabwera ndi malole."

"Zulani msanga, asisi," anatero Wometa, mawu ake atachepa kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. "Tiponye m'chikwama changa chometera, palibe adziwe."

Mtchona anayang'ana kumtunda. Wamaluwa anali atapatsira mayi aja ambulera, foni ili m'mwamba, akujambula. Koma ngakhale pakanapanda foniyo, Mtchona anali atadziwa kale yankho lake. Anakhala theka la moyo akubisa zinthu: njala, misozi, kalankhulidwe ka kwawo. Anali atatopa.

"Sitizula. Tikawaonetsa tokha."

* * *

Insipekitala anali mayi wamfupi wa majombo obiriwira ndi chipewa chotha mtundu. Sanamvere zokamba za aliyense. Anayamba kuzungulira mbali ya kumunsi, kunja kwa malata, akugwada, akukanda dothi ndi chala, akuyang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Atalowa m'kati mwa mpanda, Mtchona anamutsogolera molunjika ku mizere ija.

"Izi n'zodzala, mayi," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Ndipo izi zazitalizi n'zachilendo. Ndikukuuzani ndekha musanazipeze."

Wamalole anaomba m'manja, akutsika pa mulu wa njerwa.

"Mwamva nokha, bwana! Ndimanena ine! Anthu awa amadzala udzu usiku n'kumati ndi chilengedwe. Mlamu, tawaonetsa kanema uja."

Liwu loti "mlamu" linaponyedwa dala, ndipo linafika pamene linalunjikitsidwa. Wamaluwa anabwera monyang'wa, akusamala nsapato zake. Podutsa pafupi ndi Wamagalasi anatsitsa mawu, koma Mtchona anamva.

"Nkhope sikuoneka. Ungokhala chete, ine ndakuteteza."

Pa foni panaoneka munthu wovala chijasi cha mvula, mutu uli m'chipewa, atawerama m'matope ndi tileyi.

"Ameneyu ndi waganyu wawo," anatero Wamaluwa. "Asisiwa ali ndi ndalama za kunja, akhoza kulemba ganyu aliyense."

Insipekitala anabweza foni, n'kuyang'ana gulu lonse.

"Wadzala ndani?"

Kunangoti zii, achule okha ndi amene sanamve funso. Mtchona sanayang'ane Wamagalasi. Anayang'ana dala kutali, ku madenga a msika, chifukwa sanafune kuti tsiku lina adzanene kuti anakokedwa ndi maso. Ngati aima pakati, aime yekha.

Kenako anamva kuti phwa! Anatembenuka. Wamagalasi anali atatsika pa njerwa yake youma, nsapato za ukwati zitamira mpaka m'akakolo. Anayenda choncho, matope akulira, mpaka anaima pambali pake.

"Ndine, mayi," anatero. Kenako anabwereza mokweza. "Ndine! Ndinaba kiyi wa achimwene. Mayi uyu samadziwa, gulu silimadziwa. Ndimafuna kumusangalatsa iye popanda kukwiyitsa amayi anga, ndiye ndaipitsa konsekonse."

"Iwe!" anakuwa amayi ake, ataimirira, ambulera itagwa. "Tuluka m'matopemo! Wadyetsedwa chiyani?"

"Palibe, Amayi. Ngakhale tiyi wanu uja sanamwe, nanga ine akanandidyetsa nthawi yanji?"

Wometa anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chikwangwani.

"Ukundilanda chakudya pakamwa chifukwa cha mkazi wa imvi?" anabangula Wamalole. "Mphwanga weniweni?"

"Achimwene, njerwa zanu zili ndi kokatayidwa kwina. Dambo lilibe kosamukira. Imvizo ndaziona ndekha, ndipo ndazikonda."

"Ukatero usabwerenso kwanga," anatero mayi aja. "Katundu wako ukamupeza panja."

Wamagalasi anawayang'ana amayi ake m'maso.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, Amayi," anayankha.

"Sunakwatebe," ananong'ona Mtchona.

"Ndikuyeserera."

Insipekitala anakweza dzanja, phokoso linatha.

"Za m'banja mukathere kunyumba. Ine ndaona zanga. Za m'kati munozi n'zodzala, ndipo wodzalayo ndi chitsiru, ngakhale ndi chitsiru cholankhula zoona. Koma za kumunsi zija palibe anadzala. Zamera pa mitembo ya makolo awo, chaka pamwamba pa chaka, kuyambira ena a inu musanabadwe. Malole aime kufikira ofesi itagamula. Zachilendozi zizulidwe pompano, ine ndikuona, chimodzichimodzi, zipite m'thumba langa."

Gulu linalulutira. Dokotala wa mano, munthu waulemu wake, anavina m'matope. Mtchona sanalulutire. Anagwada, Wamagalasi anagwada pambali pake, malaya oyera aja atasanduka mapu a dziko, ndipo anayamba kuzula limodzi. Timadontho tija tinawamatirira m'zala.

"Wandikhululukira?" anafunsa mwamunayo.

"Zula kaye. Pali china kuseri kwa bondo lako."

"Ndilibe kogona."

"Uli ndi shopu. Pa khonde langa amagonapo okhawo amene amamwa madzi a mvula."

"Ndiyamba lero."

Mtchona analephera kudzigwira, anaseka. Kanali koyamba kuseka m'dambomo chibwerereni.

* * *

"Pepani, bwana insipekitala, ine ndili ndi kafunso kochepa."

Anali Wamaluwa. Maso ake anali ofiira, koma mawu anali otsekemerabe. Munthu amene waluza mwamuna pagulu sabwerera kunyumba manja ali m'thumba.

"Ine ndimagulitsa maluwa, ndimadziwa oitanitsa mbewu onse a m'dziko lino. Chomera chachitalichi ndinachifunafuna konsekonse, palibe amene ali nacho. Ndiye ndikungodabwa. Chinalowa bwanji m'dziko muno? Anachibweretsa ndani, ndi chilolezo chanji?"

Insipekitala anasiya kumanga thumba.

"Funso labwino. Bambo inu, mbewu munaitenga kuti?"

Wamagalasi anaimirira. Mtchona anaona bodza likukwera pakhosi pake, bodza lachikondi, lofanana ndi mizere ija.

"Ndinagula kwa munthu wina wodutsa, pa siteji ya..."

Mtchona anamuponda phazi ndi jombo, mwamphamvu. Anadziwa chimene mawu otsatirawo angamutayitse: mgolo wa madzi a mvula, khonde, dambo, ndi chitsiru ichi cha nsapato zonyowa. Akanatha kukhala chete, nayenso nkhope yake sinkaoneka pa kanema aliyense. Koma munthu amene wakakamiza mnzake kutsika pa njerwa youma sangakwerepo yekha.

"Ndine," anatero. "Ndinabwera nayo kuchokera kunja, m'kolala ya chijasi. Chilolezo ndinalibe."

Amayi ake a Wamagalasi anakweza manja kumwamba ngati pemphero lawo layankhidwa. Insipekitala anamuyang'ana Mtchona kwa nthawi, mopanda chidani.

"Imeneyo ndiye si ya ofesi yanga yokha, mayi. Ikhudza a m'malire. Mubwere Lolemba m'mawa, mutenge pasipoti yanu."

"Osadandaula," anatero Wamagalasi, akumugwira dzanja pamaso pa amayi ake, pamaso pa achimwene ake, pamaso pa tauni yonse. "Angokudzudzula basi. Angamutani munthu kwawo? Mwana wobadwira konkuno sangamuthamangitse."

Zala zawo zinamatirirana ndi timadontho ta kamame. Mtchona anayang'ana nkhope yakeyo, nkhope ya munthu amene wangotaya nyumba ya amayi ake chifukwa cha mkazi amene akumuyesa wa konkuno.

"Tsuka nsapatozo," anatero. "Tikufunika tikhale pansi. Pasipoti imene ndikatenge Lolembayo si ya dziko lino."